Kusankha motherboard yoti idzavomere purosesa yamphamvu m'tsogolo

Ambiri mwa ife kuno ku Mzuzu sitigula kompyuta yathunthu tsiku limodzi. Munthu amayamba ndi zimene thumba lake lalola, purosesa (ubongo wa kompyuta) yotsika mtengo ndi RAM (mosungira zimene kompyuta ikugwirapo ntchito panthawiyo) yochepa, n'kumadzilimbitsa mtima kuti ndalama zikadzapezeka chaka chamawa kapena chinacho adzachotsa purosesa yofookayo n'kuikamo yamphamvu. Maganizo amenewa ndi anzeru ndithu, poti zipangizo zonse za kompyuta zimachokera kunja, kaya ku Dar es Salaam, ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku China, ndipo mitengo yake imayendera dola. Aliyense amene ankasunga ndalama zogulira chipangizo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akukumbukira mmene mitengo inadumphira m'masitolo. Komabe kugula pang'onopang'ono kumapindula pokhapokha ngati motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse za m'kati mwa kompyuta zimalumikizidwapo), imene amisiri ambiri amangoitchula kuti bodi, idzavomere purosesa imene mukuilakalakayo. Bodi ikakana, ndiye kuti mugulanso bodi ina, mwinanso RAM ina ndi choziziritsira purosesa china, ndipo kumene mumati n'kupulumutsa ndalama kwasanduka kugula kompyuta kawiri.

Mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ku Luwinga anabwera kwa ine tsiku lina atanyamula kompyuta yake pa kabaza, nkhope ili yakugwa. Kompyutayo inali ndi bodi ya chipset cha H110 (chipset ndi kachipangizo ka pa bodi kolumikizitsa purosesa ndi zipangizo zina) ndi purosesa ya Intel Core i3-6100, ndipo msuweni wake anali atamubweretsera Core i5-8400 kuchokera ku Johannesburg. Asanaitanitse anali atawerenga kuti zonse ziwiri zimakhala pa soketi (malo a purosesa pa bodi) ya LGA 1151, ndipo zimenezo zinali zoona. Purosesayo inakhala bwinobwino m'malo mwake, kachitsulo kotsekera kanatsika popanda kulimbana nako, koma atayatsa makinawo skirini inangokhala bii. "Bambo, komatu yalowa yokha, sindinaikakamize ayi," anatero uku akundionetsa nambala ya 1151 pa foni yake. Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, kulowa yalowadi, koma bodi imeneyi siidziwa purosesa imeneyi, ndipo sidzaidziwa." Chimene iye sanadziwe n'chakuti Intel inagwiritsa ntchito soketi ya mapini 1151 kawiri. Mabodi a chipset cha 100 ndi 200 amalandira mapurosesa a m'badwo wa 6 ndi wa 7, pamene a chipset cha 300 amalandira a m'badwo wa 8 ndi wa 9, ndipo magulu awiriwa sasinthana ngakhale maonekedwe a soketi ndi amodzi. Malangizo onse ali m'munsimu cholinga chake n'chakuti zimene zinamugwera mnyamatayu zisakugwereni.

Choyamba, dziwani dzina lenileni la bodi yanu

Ngati muli nayo kale kompyuta, musayambe ndi kufunsa mitengo ya mapurosesa. Yambani ndi kudziwa bodi imene ili m'kati. Pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32, ndipo pa tsamba limene litatsegukelo yang'anani mizere ya BaseBoard Manufacturer, BaseBoard Product ndi BIOS Version/Date (BIOS ndi pulogalamu yokhala pa bodi imene imadzutsa kompyuta ndi kuzindikira purosesa). Pulogalamu yaulere ya CPU-Z imaonetsanso zomwezi pa gawo la Mainboard, ndipo imatchulanso chipset ndi soketi. Ngakhale mwaona pa skirini, zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi pakhoma, tsegulani chitseko cha m'mbali ndi kuwerenga dzina lolembedwa pa bodi penipenipo, limene nthawi zambiri limakhala pakati pa purosesa ndi malo olowetsa graphics card, chipangizo chotulutsa zithunzi pa skirini. Lembani dzinalo papepala lonse lathunthu, osasiya chilembo n'chimodzi chomwe, chifukwa mabodi awiri a kampani imodzi amatha kusiyana ndi kachilembo kamodzi kokha ka kumapeto, monga M, II, V2 kapena D4, koma kukhala ndi BIOS yosiyana kotheratu. Pa mabodi a Gigabyte yang'ananinso pakona ya m'munsi pamene pamalembedwa Rev 1.0 kapena Rev 2.0, popeza nambala imeneyi nayo imasintha fayilo ya BIOS imene mudzafune.

Pano ndiyenera kunenapo za makompyuta a kaunjika amene ali mbwee m'maofesi, m'masukulu ndi m'malo osindikizira mapepala mumzinda muno, monga Dell OptiPlex, HP ProDesk, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre. Makina amenewa ndi olimba ndipo ndimawalemekeza, koma anapangidwira ntchito ya mu ofesi, osati kusinthidwasinthidwa. Bodi yake imalandira mapurosesa okhawo amene kampaniyo inalemba mu BIOS, zingwe za magetsi za m'kati nthawi zambiri n'zamtundu wakewake, ndipo timabokosi tating'ono kwambiri tija timafuna mapurosesa okhala ndi chilembo T kumapeto, amene amadya mawati 35 okha. OptiPlex 7010 yakale ija ya soketi ya LGA 1155 mukhoza kuichotsa Core i3 n'kuikamo Core i7-3770, ndipo kusintha kwake mudzakuona, koma pamenepo ndi pamene msewu wake wathera. Ngati cholinga chanu n'kudzafika pa purosesa ya masiku ano, musataye ndalama pa makina otere poganiza kuti ndi maziko omangapo.

Chachiwiri, dziwani soketi ndi mibadwo imene imalandira

Soketi imene tikunena pano si ya pakhoma ayi, koma malo a pa bodi pamene purosesa imakhala. Intel ili ndi chizolowezi chosintha soketi pakapita mibadwo iwiri kapena itatu. LGA 1155 ya mu 2011 inali ya m'badwo wa 2 ndi wa 3, LGA 1150 ya mu 2013 inali ya m'badwo wa 4 ndi wa 5, LGA 1151 inayamba mu 2015 ndipo nkhani yake mwaimva kale, LGA 1200 ya mu 2020 inali ya m'badwo wa 10 ndi wa 11, ndipo LGA 1700 ya mu 2021 inatenga mibadwo itatu, wa 12, wa 13 ndi wa 14. Mu 2024 kunabwera LGA 1851 ya mapurosesa a Core Ultra 200S. M'badwo wa purosesa ya Core mumaudziwa poona manambala oyambirira a dzina lake: i5-6500 ndi ya m'badwo wa 6, pamene i5-12400 ndi ya m'badwo wa 12. Wogulitsa akangokuuzani kuti "ndi i7" osatchula nambala yotsatira, sanakuuzeni kanthu, chifukwa Core i3 ya m'badwo wa 12 imaposa kutali Core i7 ya m'badwo wa 3.

AMD, kampani ina yopanga mapurosesa, inayenda njira ina. Soketi ya AM4 inatuluka mu 2016, mapurosesa oyamba a Ryzen anafika mu 2017, ndipo soketi yomweyo inalandira Ryzen 1000, 2000, 3000 mpaka 5000, moti munthu amene anagula bodi yabwino ya B350 ndi Ryzen 3 1200 mu 2017 anatha kudzaikamo Ryzen 7 5800X3D ya mu 2022 atangosintha BIOS. Mu Seputembala 2022 kunabwera AM5, imene ikulandira Ryzen 7000, 8000G ndi 9000, ndipo mu 2024 kampaniyo inalengeza kuti idzapitiriza kutulutsa mapurosesa a soketi imeneyi mpaka 2027 kapena kupitirira. Lonjezo limeneli lili ndi phindu kwa munthu wogula lero, koma ine ndimalangiza anthu kuti aziwerengera mapurosesa amene alipo kale pamsika, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funso loyenera kudzifunsa si lakuti kodi kudzatuluka chiyani, koma lakuti pa mapurosesa amene alipo lero a soketi imeneyi, wamphamvu amene ndingadzakwanitse kugula wogwiritsidwa kale ntchito pakapita zaka ziwiri ndi uti.

Chachitatu, tsegulani mndandanda wa kampani yopanga bodiyo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Soketi ikafanana mwangodutsa chipata choyamba, ndipo chachiwiri ndi chipset, kachipangizo ka pa bodi kamene dzina lake limaoneka m'dzina la bodiyo, monga H610, B660, Z790, A520, B550 kapena X670. Pa LGA 1200, mwachitsanzo, chipset cha H410 ndi cha B460 sichilandira mapurosesa a m'badwo wa 11, pamene cha H470 ndi cha Z490 chimawalandira BIOS ikasinthidwa. Pa AM4 vuto limabwera mbali zonse ziwiri: mabodi akale a A320, B350 ndi B450 amafuna BIOS yatsopano kuti adziwe Ryzen 5000, pamene mabodi atsopano a A520 ndi B550 sanapangidwire Ryzen 1000 ndi 2000, ngakhalenso Ryzen 3 3200G imene anthu ambiri amaikonda chifukwa chotsika mtengo. Choncho munthu amene akuti agule B550 lero n'kuyamba ndi purosesa yakale yotchipa akhoza kupezeka kuti wagula zinthu ziwiri zosamvana.

Simuyenera kuloweza zonsezi pamtima. Pitani pa tsamba la pa intaneti la kampani imene inapanga bodiyo, kaya ndi ASUS, Gigabyte, MSI, ASRock kapena Biostar, lembani dzina lathunthu lija munalemba papepala, pitani pa gawo la Support, ndipo tsegulani mndandanda wotchedwa CPU Support. Mndandanda umenewu umatchula purosesa iliyonse imene kampaniyo inayesa pa bodiyo, mawati ake, ndiponso nambala ya BIOS yoyambira imene imaidziwa. Fufuzani mapurosesa awiri: imene muyambe nayo, ndi imene mukufuna kudzafikapo. Onse awiri akapezeka, lembani nambala za BIOS zimene zili pambali pake. Imodzi ikasowa, musadzinamize kuti mwina anangoiwala kuilemba, ndipo musamvere wogulitsa wongoti "zimalowa izi, bwana" popanda kukuonetsani pamene zalembedwa. Kutsegula tsamba limeneli sikutha ngakhale bandulo ya tsiku limodzi, koma kulephera kutero kwatayitsa anthu ambiri ndalama.

Werenganinso timawu ting'onoting'ono tolembedwa pambali pa BIOS iliyonse. Mabodi ambiri akale a AM4 ali ndi kachipangizo kosungira BIOS ka ma megabyte 16 okha, ndipo kuti malo a mapurosesa atsopano apezeke, makampani ena anachotsamo akale. Zikatere, BIOS imene ikutsegulirani njira ya Ryzen 5000 ikhoza kutseka njira ya purosesa imene ili m'makinamo pakali pano, ndipo muyenera kudziwa zimenezi musanasinthe, osati mutazimitsa kale.

Chachinayi, RAM

Bodi imalandira mtundu umodzi wokha wa RAM, ndipo DDR4 silowa m'malo a DDR5 chifukwa kampata ka pakati kali pamalo osiyana. AM4 ndi ya DDR4 yokha, pamene AM5 ndi LGA 1851 ndi za DDR5 yokha. LGA 1700 ndiyo imasokoneza anthu, chifukwa purosesa yake imadziwa mitundu yonse iwiri koma bodi iliyonse inapangidwira umodzi, ndipo mabodi a DDR4 nthawi zambiri amalembedwa D4 kapena DDR4 kumapeto kwa dzina. Ngati muli kale ndi DDR4 yokwanira, bodi ya LGA 1700 ya DDR4 kapena ya AM4 ikupulumutsirani ndalama lero. Ngati mukuyamba popanda chilichonse ndipo mukuyang'ana zaka zinayi kapena zisanu kutsogolo, DDR5 ndiyo njira. Sankhaninso bodi ya malo anayi a RAM ngati kusiyana kwa mtengo sikukupweteka, kuti podzaonjezera musadzataye imene muli nayo.

Chachisanu, magetsi ndi kutentha

Kupezeka pa mndandanda kumatanthauza kuti purosesa idzayaka, osati kuti idzagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Mozungulira soketi muli timabokosi tating'ono takuda kapena totuwa tondandalikana, ndi tizipangizo tina tathyathyathya pambali pake. Gawo limeneli limatchedwa VRM, ndipo ntchito yake n'kutsitsa mavoti 12 ochokera ku power supply (bokosi logawa magetsi m'kati mwa kompyuta) kufika pa voti imodzi ndi pang'ono imene purosesa imadya. Pa mabodi otchipa kwambiri, monga ambiri a A320 ndi H610, tizipangizo timeneti timakhala tochepa ndiponso tapamtunda, topanda chitsulo choziziritsa. Purosesa ya mawati 65, monga Ryzen 5 5600 kapena Core i5-12400, imakhala mwamtendere pa bodi yotere. Koma Core i9-13900K, imene imalembedwa mawati 125, imatha kukoka mawati 253 ikapanikizika ndi ntchito, ndipo Ryzen 9 5950X ya mawati 105 imafika pa 142. VRM yofooka ikatentha, bodi imatsitsa liwiro la purosesa kuti isapse, ndipo mumapezeka kuti munalipira mtengo wa purosesa yaikulu koma mukulandira ntchito ya yapakati.

Choncho mukaigwira bodi m'manja kusitolo, yang'anani ngati kumanzere ndi kumtunda kwa soketi kuli zitsulo zokhuthala zophimba VRM, ndipo onani pakona ya kumtunda ngati polowera magetsi a purosesa pali mabowo 8 osati 4 okha. Malingana ndi mmene ndaonera, chipset chapakati, ndiye kuti B550, B650, B660 kapena B760, ndicho chimamukwanira munthu wofuna kudzakweza makina ake. Chipset cha Z ndi cha anthu ofuna kuthamangitsa purosesa ya Intel ya chilembo K kupitirira liwiro limene inapangidwira, ndipo ngati zimenezo simudzachita, ndalama yoonjezerayo ndi bwino ipite ku RAM kapena ku SSD, disiki yothamanga yosungira mafayilo.

Walira mvula walira matope: purosesa yaikulu imabwera ndi zofuna zake. Power supply yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, imene imabwera pamodzi ndi bokosi lotchipa, siyenera kudaliridwa ngakhale palembedwe mawati ochuluka bwanji. Choziziritsira nacho chiyenera kukula, ndipo mabowo omangira amasiyana. Masoketi a LGA 1150, 1151, 1155 ndi 1200 ali ndi mabowo otalikirana mamilimita 75, pamene a LGA 1700 ndi 1851 ndi otalikirana mamilimita 78, choncho choziziritsira chakale chimafuna zomangira zina. Zoziziritsira zambiri za AM4 zimakwana pa AM5 ngati zimamangirira pa chitsulo cha kuseri chimene chimabwera ndi bodi. Yezaninso kutalika kwa choziziritsira ndi kukula kwa bokosi, kuti chitseko chidzatsekeke. Musanyengedwe ndi kuzizira kwa Mzuzu kwa mu Juni ndi Julaye. Makina ayenera kupirira kutentha ndi fumbi la mu Okutobala, m'chipinda chotseka mawindo.

Pali kamsampha kena kamene kamagwira ngakhale amisiri. Purosesa ya Intel yokhala ndi chilembo F kumapeto, monga i5-12400F, ilibe gawo lotulutsa zithunzi, ndipo pa AM4 mapurosesa a Ryzen okhala ndi gawo limeneli ndi a chilembo G okha. Munthu akachotsa Ryzen 5 5600G n'kuikamo Ryzen 7 5700X alibe graphics card, makina amayaka, mafani amazungulira, koma pa skirini sipaoneka kanthu ngakhale bodi ili ndi polowera HDMI. Ngati purosesa imene mukulinga ndi yotere, mtengo wa graphics card muuwerengere limodzi kuyambira lero.

Chachisanu ndi chimodzi, sinthani BIOS purosesa yakale ikadali m'malo

Tsiku losintha likayandikira, bwererani pa papepala lanu ndi kuyerekeza nambala ya BIOS imene muli nayo ndi imene purosesa yatsopano ikufuna. Ngati yanu ndi yotsika, isintheni musanachotse purosesa yakale, ndipo musaigulitse yakaleyo musanachite zimenezi, chifukwa bodi yosaidziwa purosesa siyaka n'komwe kuti mulowe mu BIOS. Koperani fayilo kuchokera pa tsamba la kampani yokhayo, ya dzina ndi Rev ya bodi yanu yeniyeni, imasuleni ngati yabwera yopanikizidwa mu zip, ndipo iikeni pa fulashi yokonzedwa mu FAT32. Yatsani kompyuta mukudina Delete kapena F2, ndipo mu BIOS fufuzani chida chosinthira, chimene ASUS imachitcha EZ Flash, Gigabyte Q-Flash, MSI M-Flash, ndipo ASRock Instant Flash. Ngati kampani yalemba kuti muyambe mwaika BIOS ina yapakati musanafike pa yomaliza, tsatirani ndondomekoyo osadumpha.

Ntchito imeneyi imatenga mphindi zochepa, koma magetsi akazima ili pakati, bodi ikhoza kufa osadzukanso. Tonse tikudziwa mmene magetsi amathimira kuno osatsanzika, makamaka nyengo ya mvula ndi ziphaliwali, choncho musayambe popanda UPS (chipangizo chopatsa kompyuta magetsi a batire magetsi akathima) ya batire lamoyo, kapena inverter ya sola yodzaza bwino. Ngati mulibe, nyamulani kompyutayo mupite nayo kwa mnzanu amene ali nayo; ulendo wochoka ku Chibavi kapena ku Zolozolo kupita m'tauni ndi wotchipa kuposa bodi yatsopano. Ikayamba kulemba, manja akhale pambali, ndipo ngakhale skirini ide ndi kuyakanso kangapo, musakhudze batani lililonse mpaka itamaliza yokha.

N'chifukwa chake pogula bodi yatsopano ndimaika patsogolo kabatani kakang'ono ka kumbuyo, pafupi ndi molowera USB, kamene ASUS imakatcha BIOS FlashBack, Gigabyte Q-Flash Plus, ndipo MSI Flash BIOS Button. Kabatani kameneka kamalola kusintha BIOS popanda purosesa kapena RAM, bola bodi yalumikizidwa ku power supply ndipo fulashi yalowetsedwa pamalo ake olembedwa, fayilo itapatsidwa dzina limene buku la bodiyo likunena. Kwa munthu wa ku Mzuzu, amene sangapeze msanga sitolo yobwereka purosesa yakale yoyatsira, ndiponso amene sangabweze katundu ku Dubai, kabatani kameneka n'kofunika kuposa magetsi okongoletsa a mitundumitundu amene achinyamata amathamangira. Amene ali ndi mapurosesa a Intel a m'badwo wa 13 ndi wa 14 ali ndi chifukwa china chosinthira BIOS: mu 2024 Intel inavomereza kuti ena mwa mapurosesa amenewa ankalandira mavoti opitirira muyezo n'kumawonongeka pang'onopang'ono, ndipo inatulutsa zokonza zimene zimafika pa makina anu kudzera mu BIOS yatsopano.

Musanazimitse Windows komaliza

Windows 11 imafuna TPM 2.0 (gawo la chitetezo losunga makiyi achinsinsi a kompyuta) ndiponso purosesa yoyambira pa Intel ya m'badwo wa 8 kapena Ryzen 2000, ndipo Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10. Ichi n'chifukwa china chosagulira bodi ya chipset cha 100 kapena 200 lero, popeza ngakhale Core i7-7700, imene ili pafupi ndi pamwamba pa zimene bodi yotere ingalandire, siili pa mndandanda wa Windows 11. Pa makina ambiri TPM si kachipangizo kapadera koma imakhala m'kati mwa purosesa kapena chipset ndipo imayatsidwa mu BIOS, pa AMD imatchedwa fTPM ndipo pa Intel PTT, ndipo kusintha purosesa kapena BIOS kukhoza kuifafaniza. Ngati disiki yanu ndi yokiyidwa ndi BitLocker, imitsani kaye BitLocker ndipo lembani papepala kiyi yake ya manambala 48 musanakhudze chilichonse, apo ayi mudzatsekeredwa kunja kwa mafayilo anu omwe. Koperaninso zinthu zofunika pa disiki ina. Kusintha purosesa yokha nthawi zambiri sikusokoneza laisensi ya Windows, koma kusintha bodi kumatha kuisokoneza.

Tsiku loika purosesa

Ngati purosesa kapena bodi ndi yogwiritsidwa kale ntchito, iyang'anitsitseni pa kuwala kwa dzuwa musanalipire. Pa AM4 mapini ali pa purosesa, ndipo muyenera kuipendeketsa n'kuyang'ana mizere yake ngati mmene mlimi amayang'anira mizere ya chimanga, kuti muone ngati pali pini yopindika kapena yothyoka. Pa Intel ndi pa AM5 mapini ali mu soketi ya pa bodi, ndi osalimba ngati tsitsi, ndipo pini imodzi yogona imaoneka ngati kadontho konyezimira mosiyana ndi anzake. Pemphani wogulitsa ayatse chipangizocho inu mukuona, ndipo CPU-Z itsimikize kuti dzina lolembedwa pamwamba ndi lomwe lili m'kati.

Poyamba ntchito, yatsani kompyuta kwa mphindi zingapo kuti thermal paste (phala lopakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsira) yakale ifewe, kenaka zimitsani, zulani chingwe pakhoma, dinani batani loyatsira kuti magetsi otsalira athe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke. Masulani choziziritsira ndi kuchipotokola pang'ono uku ndi uku musanachikoke. Pa AM4 choziziritsira chokokedwa mwamphamvu chimazula purosesa mu soketi yotseka n'kupinda mapini. Kwezani kachitsulo kotsekera, chotsani purosesa yakale moigwira m'mbali, ndipo yatsopanoyo muiike mofananitsa kachizindikiro ka makona atatu ka pakona yake ndi kamene kali pa soketi. Iyenera kukhala yokha popanda kuikanikiza. Ikakana, ichotseni muyang'anenso. Pukutani pansi pa choziziritsira ndi kansalu koyera konyowetsa ndi sipiriti, ikani thermal paste yatsopano yokula ngati njere ya nandolo pakati pa purosesa, mangani masikuluu mopingasa pang'onopang'ono, ndipo musaiwale kulumikiza chingwe cha fani pamalo olembedwa CPU_FAN.

Kuyaka koyamba kumachedwa, ndipo pa AM5 skirini ikhoza kukhala yakuda kwa mphindi imodzi kapena zingapo pamene bodi ikuzolowerana ndi RAM, choncho dekhani musanaganize kuti zalephereka. Ikapanda kuyaka ndithu, zulani magetsi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zingapo kuti BIOS ibwerere pa chiyambi, siyani RAM imodzi yokha, ndipo yesaninso. Ikayaka, lowani mu BIOS muone ngati dzina la purosesa likuoneka molondola ndiponso ngati kutentha kwake kwakhazikika, yatsaninso XMP kapena EXPO kuti RAM ibwerere pa liwiro lake, ndipo mukalowa mu Windows ikani madiraiva (mapulogalamu oyendetsa zipangizo) atsopano a chipset ndi kuyatsanso BitLocker. Ipatseni kompyutayo ntchito yolemetsa kwa ola limodzi mukuyang'ana kutentha ndi pulogalamu ngati HWMonitor. Purosesa yakaleyo muiike m'kapulasitiki kamene yatsopano inabweramo ndi kuisunga m'kabati kouma kwa milungu iwiri kapena itatu, makina atsopano atayamba aonetsa khalidwe lake, musanapite nayo kukaigulitsa.